Nusaiba wa ku Madani ndi Ana a Eni

Nusaiba Abdelgadir anabadwira ku Wad Madani, m'dziko la Sudani, ndipo mpaka atakwanitsa zaka makumi atatu ndi zinayi anali asanakhalepo kunja kwa tauniyo kupitirira sabata imodzi. Bambo ake anali kalaliki woyeza thonje. Anamwalira iye ali kusekondale, n'kusiya anthu atatu pakhomo: mayi ake, iyeyo, ndi mlongo wake Muawiya. Nusaiba anachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi anaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina ya atsikana. Sanakwatiwe. Amuna awiri anabwerapo kudzafunsira. Woyamba mayi ake anamukana chifukwa choika fodya kukamwa, wachiwiri anamukana yekha osatchula chifukwa, ndipo za banja zinathera pomwepo.

Dzina lake ankalitchula ndi a pakhomo okha. Ena onse, kuyambira wogulitsa nyama mpaka woyendetsa basi, ankangoti "Aphunzitsi". Anali wamtali, wowonda, wosakonda kuseka pagulu. Akalowa m'kalasi atadzikuta nsalu yake yoyera, ana makumi asanu ankati zii iye asanatsegule pakamwa.

Nkhondo itafika ku Madani, anathawa atatuwo pa lole yonyamula anyezi mpaka ku Gedaref. Kumeneko mayi ake, omwe ankadwala shuga, mwendo unawatupa, ndipo anati kupitirira apo sangathe. Anapangana kuti Muawiya atsale nawo, Nusaiba apite ku Iguputo akasake ntchito kuti mankhwala asamasowe. Ulendowo unamutengera masiku asanu ndi anayi.

Ku Cairo anafikira kudera la Faisal, m'chipinda chimodzi ndi amayi ena asanu a kwawo. Miyezi iwiri anayenda m'masukulu kufunsa ntchito. Kulikonse ankamufunsa mapepala ake, pomwe mapepalawo anatsala m'dirowa ku Madani. Tsiku lina Sittana, mmodzi mwa amayi a m'chipindamo, yemwe ankalera ana ku Heliopolis, anamuuza mosabisa.

"Mchemwali, uphunzitsiwo upindeni bwinobwino muike pansi pa pilo. Kuli dokotala wina wa mano akufuna mlezi. Mawa tipitire limodzi, ndipo mukafika kumeneko musakaime ngati mukuitana mayina a ana."

Dokotalayo anali Madamu Ghada, mayi wamsinkhu wofanana ndi Nusaiba, wokhala m'nyumba yosanja pansanjika yachisanu ndi chitatu. Amuna awo, a Hazem, ankagwira ntchito ku Kuwait ndipo ankabwera kawiri pachaka. Ana anali awiri: Malak wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi Younis yemwe anali asanakwanitse ziwiri.

"Munalerapo ana?" anafunsa madamuwo, maso ali pafoni.

"Ndaphunzitsa ana zaka khumi ndi chimodzi, madamu."

"Sindikunena zophunzitsa. Thewera mumatha kusintha?"

"Ndimatha."

Linali bodza. Thewera loyamba analiveka kumbuyo kutsogolo, ndipo Malak ndiye anamuonetsa, akuseka mpaka kugubuduka pakapeti. Atatha kuseka anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti: "Ndiwe Dada wachinayi. Wachitatu ankalira m'bafa tsiku ndi tsiku. Nanga iwe bwanji ndiwe wakuda chonchi? Susamba?"

Kwawo mwana wonena mawu otere akanaima kukhoma mpaka belu lowerukira. Kuno Nusaiba anangoti, "Ndimasamba, mwanangu," n'kupita kukataya thewera. Dzina la Dada, limene ana a mu Cairo amaitanira wowalera, linamumata kuyambira tsiku limenelo. Madamu nawo "inu" wawo sanakhalitse. Pofika sabata yachiwiri anali atasanduka "iwe".

Anamupatsa kachipinda ka kuseri kwa khitchini, koyandikana ndi makina ochapira, kokhala ndi zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Anamupatsanso diresi la ntchito la pinki, lamatumba awiri kutsogolo, n'kumuuza kuti nsalu yodzikutayo ingakole pachitofu. Kupuma kunali Lachisanu, sabata ina iyi apume, inayo ayi.

Chimene chinamuvuta kwambiri poyamba anali makamera. Analipo pabalaza, m'khitchini ndi kuchipinda kwa ana, ndipo ankayankhula. Tsiku lachitatu, akumudyetsa Younis mpunga ndi dzanja monga anadyetsedwera iye ali mwana, mawu anatuluka kudenga:

"Nusaiba! Supuni! Manja ayi!"

Mbale inatsala pang'ono kumupulumuka. Anayang'ana uku ndi uku kufuna munthu, n'kuona kamaso kakuda pamwamba pa firiji. Kuyambira pamenepo ankayenda m'nyumbamo ngati munthu wosenza madzi odzaza. Ngakhale kudzikanda ankayamba waganiza.

Cha m'ma teni koloko m'mawa uliwonse kunkabwera a Hajja Soheir, apongozi a madamu, omwe ankakhala pansanjika ya m'munsi ndipo anali ndi kiyi wawo. Anali mayi wonenepa, wa mawondo opweteka, wolowa m'nyumba mphuno ili patsogolo.

"Fungo lanji ili? Wafukiza lubani wako uja? Pachifuwa pa mwana mpofewa, zimenezo ukachitire kwanu." Kenako ankapita kukapisa chala pamwamba pa kabati. "Inu a ku Sudani mitima yabwino ndithu, koma kuyenda kwanu! Ngati mukuperekeza mkwatibwi. Ndikakutuma madzi ndiziyamba ndamwa kaye kunyumba kwanga."

Ankaseka okha, ndipo Nusaiba anaphunzira kumwetulira pang'ono kuti nkhaniyo ithe msanga.

Younis analira milungu itatu. Mayi ake akangotseka chitseko ankadziponya pansi, kumenyetsa mutu pakapeti, ndipo Nusaiba akamunyamula ankamukankha pachibwano ndi manja onse awiri. Munthu amene ankatontholetsa ana makumi asanu ndi diso lokha anapezeka ataima pakati pa balaza thukuta lili kamukamu, atalephera kamwana kamodzi. Nyimbo zogonekera ana sankazidziwa. Masana ena, atathedwa nzeru, anayamba kumuimbira matebulo a masamu m'kaimbidwe ka m'kalasi, uku akuyenda naye kuchokera kuzenera kupita kuchitseko. Ziwiri kuchulukitsa ndi ziwiri, zinayi. Ziwiri kuchulukitsa ndi zitatu, zisanu ndi chimodzi. Asanamalize tebulo la zinayi, mutu wa mwanayo unalemera paphewa pake. Anaima momwemo kwa theka la ola kuopa kumudzutsa, dzanja litachita dzanzi.

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kuidziwa nyumbayo. Anapeza kuti pakati pa firiji ndi chitseko cha kukhonde pali malo amene kamera sifikapo, ndipo pamenepo ndi pomwe Younis ankadyera bwino, atakhala pamwendo pake, akudya za m'dzanja. Anadziwa kuti madamu akabwera atavula nsapato m'chikepe, tsiku limenelo si lofunsa kanthu. Anadziwa kuti Malak amatukwana kwambiri masiku amene bambo ake alonjeza kuimba foni koma osaimba. Masaya a Younis anadzaza, ndipo a Hajja anati ndi mankhwala a mavitamini amene iwo anagula.

A Hazem atabwera patchuthi, banja lonse linasonkhana kudya chamasana Lachisanu lina. Nusaiba ankabweretsa mbale kuchokera kukhitchini. Younis, yemwe tsopano ankalumikiza mawu, anakoka malaya a bambo ake n'kufuula kuti, "Ya zol! Madzi!" Awa ndi mawu amene ku Sudani amaitanira munthu aliyense, monga kunena kuti "munthu iwe". Patebulo panabuka phwete. A Hazem anatulutsa foni n'kumuuza mwanayo kuti abwereze, abwerezenso, kuti atumizire anzawo. Nusaiba naye anaseka, kuseka kwenikweni koyamba m'nyumba imeneyo.

Alendo atapita, madamu anamutsatira kukhitchini.

"Nusaiba, usandimve molakwa, ine a ku Sudani ndimawakonda. Koma chaka chamawa mwanayu akukayesedwa kusukulu ya mkaka, ndipo kumeneko amamvetsera mmene mwana akuyankhulira. Ukufuna akamve ngati mwana wa mlonda wa pageti? Ukakhala ndi ana uziyankhula ngati ife. Si zovuta, mumaonera mafilimu athu kwanu."

"Ndamva, madamu."

Sizinali zovuta ndithu. M'miyezi iwiri lilime lake linapindika. Lachisanu lina ali ku Faisal anaimbira mayi ake, ndipo atangopereka moni, mayiwo anati: "Kodi ndani ameneyu? Muawiya, tabwera, foni yalowa kwa mkazi wa m'filimu." Ankanena moseka. Nusaiba anasekanso, koma atadula foni anakhala pamatiresi nthawi yaitali osavula nsapato.

Za Malak anazizindikira mwangozi. Mtsikanayo anali ndi mphunzitsi wapadera, Abiti Rania, wobwera kawiri pasabata, koma homuweki inkathera m'misozi ndi kuponya pensulo. Madzulo ena Nusaiba akupukuta tebulo anasuzumira m'kope n'kuona zimene anaziona kambirimbiri ku Madani: mwanayo ankasokoneza zilembo zofanana maonekedwe, zosiyana timadontho tokha, ndipo m'malo mowerenga ankaloweza tsamba lonse kuti asagwidwe. Mtima wa Nusaiba unagunda ngati wakumana ndi m'bale panjira. Anatenga thireyi, kuthirapo ufa, n'kumuitana.

"Bwera, tilembe ndi chala. Ichi chili ndi kadontho kamodzi pansi, ngati kachidebe kodontha. Ichi tiwiri pamwamba, ngati maso a chule."

Malak anayesa monyinyirika, kenako anakoka mpando. Anachita zimenezi masiku anayi. Tsiku lachisanu denga linayankhula:

"Malak, ukuseweretsa ufa chifukwa chiyani? Nusaiba, ndikupeza."

Madzulo ake madamu sanakalipe, koma mawu awo anali ozizira. Anati mwana wawo alibe vuto lililonse, ali pasukulu yabwino, mphunzitsi wapadera alipo, ndipo njira ziwiri zingomusokoneza. "Aliyense azigwira ntchito yake. Yako ndi kuona kuti adya, asamba, agona."

Nusaiba anavomera ndi mutu. Koma kubafa kunalibe kamera, ndipo kumusambitsa Malak inali ntchito yake. Madzi otentha akachititsa nthunzi pagalasi, ankalembapo chilembo ndi chala, mwanayo n'kuchitchula ali m'thovu. Kenako mawu, kenako ziganizo zazifupi. Akamaliza ankapukuta galasilo ndi thaulo. Anapangana kuti chikhale chinsinsi chawo, ndipo Malak, yemwe ankaulula chilichonse, ichi chokha anachisunga.

Pakutha pa chaka Malak anabwera ndi satifiketi ya mwana amene wasintha kwambiri pa kuwerenga. Madamu analira ndi chimwemwe, n'kuimata pafiriji, ndipo Abiti Rania anawagulira chikwama chachikopa. Pomwe ankawapatsa pabalaza, Malak anatembenuka n'kuyang'ana Nusaiba, yemwe anaima pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi. Nusaiba anapukusa mutu pang'ono kuti asanene. Mwanayo anamvera. Nusaiba mwini ndiye anamuletsa, komabe chinamuwawa, ndipo anadzidabwa kuti pamsinkhu wake akulirira kuyamikiridwa.

Lachiwiri ndi Lachinayi masana ankapita ndi ana ku kalabu kumene Malak ankaphunzira kusambira. Alezi anali ndi benchi yawo pansi pa mtengo, kuseri kwa mipando ya makolo. Pamenepo ankakumana ndi Sittana, ndipo kwa ola limodzi ankamasula lilime n'kuyankhula za kwawo.

"Aphunzitsi afika! Imani nonse!" ankatero Sittana akamuona ndi diresi la pinki. "Nanga a Hajja anu lero apeza fumbi pati? M'khutu mwanu?"

Linali Lachiwiri lotero, mwezi wa Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, pamene foni inalira m'thumba la diresi. Anali Muawiya. Mawu ankadukaduka.

"Nusaiba, limba mtima, mlongo wanga. Amayi atisiya."

"Liti?"

"Lamlungu m'mawa. Tinaika tsiku lomwelo. Netiweki kunalibe, ndayenda mpaka kumsika kuti ndikupeze. Sanavutike kwambiri. Mwendo uja..."

Foni inaduka. Nusaiba anakhala akuyang'ana madzi a m'dziwe, ana akuphiriphitha, mphunzitsi wa kusambira akuliza wezulo. Anayamba kuwerenga masiku chobwerera. Lamlungu m'mawa iye ankasita zovala za ana. Lolemba anaphika makaroni. Masiku awiri athunthu anadya, anaseka ndi Younis, mayi ake ali m'manda.

Sittana anaona nkhope yake n'kumugwira dzanja. Asananene kanthu, Younis anafika akuthamanga atagwira kutsogolo kwa kabudula.

"Dada, kukodza! Msanga!"

Anali pa sabata yachiwiri yosiya matewera. Nusaiba anadzuka, kumunyamula, n'kuthamanga naye kuchimbudzi. Anamuvula, kumugwirizira, kumuyamikira kuti ndi mnyamata wamkulu, kumusambitsa m'manja. Kenako anakapukuta Malak tsitsi, anaitana takisi, n'kubwerera kunyumba.

Madamu atamva anamukumbatira, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo moona. "Mulungu awachitire chifundo. Pepa, Nusaiba, pepa kwambiri." Kenako anayang'ana kalendala ya pafoni. "Mawa ndi mkuja odwala ndi odzaza, sindingawabweze. Koma Lachisanu upume, ndi Loweruka lomwe. Ukufuna ndikupatse mapiritsi ogonetsa?"

M'mawa mwake Nusaiba anadzuka nthawi yake, anaswali, anakonzekeretsa Malak, n'kuyamba mbale. Teni koloko kiyi analira pachitseko. A Hajja Soheir analowa atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atanyamula kawailesi kawo. Sananunkhize kanthu. Anafika kukhitchini akupuma movutikira n'kutseka mpopi ndi dzanja lawo.

"Amako amwalira, iwe n'kumatsuka mbale? Khala pansi."

"Hajja, madamu akaona..."

"Aone. Nyumba ino ndi ya mwana wanga." Anatembenukira ku kamera ya pafiriji n'kuikupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Ghada, ngati ukuonera, onera bwino."

Anatsegula wailesi pamene pankawerengedwa Kurani, anatereka khofi wopanda shuga, wa pamaliro, n'kuthira m'makapu awiri. Anapatsa Younis bisiketi ndi zidole pansi. Kenako anadzitsitsa pampando movutikira, mawondo akulira.

"Dzina lawo anali ndani?"

"A Batoul."

"A Batoul mwana wa ndani? Ndikufuna ndiwatchule bwino popemphera."

Chaka ndi miyezi inayi m'nyumba imeneyo, panalibe amene anafunsapo dzina la mayi ake. Nusaiba anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma chimene chinatuluka ndi kulira kwa kwawo, kokweza, kotchula womwalirayo ndi kumufunsa chifukwa chimene wapitira osatsanzika. Analira m'chiyankhulo cha ku Madani osasamala za denga. A Hajja sanamutontholetse. Anakhala pomwepo akugwedeza mutu, akusisita mikanda yawo yopempherera, mpaka khofi anazizira. Younis anabwera kudzaima pakati pa miyendo ya Nusaiba n'kumuika bisiketi yonyowa m'dzanja.

A Hajja anabwera motero masiku atatu, monga mwa mwambo. Nusaiba atabwerako kopuma, iwo anabwera ndi diresi la maluwa n'kudandaula kuti makolala a malaya a Malak sakusitidwa bwino.

Lachisanu madzulo ku Faisal amayi a m'chipinda chija anayala mphasa, anaphika, ndipo anthu a ku Madani amene anamva anabwera kudzapepesa. Mayi wina anabwera ndi mtsikana wamkulu ndithu, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwamuiwala Tasneem? Munamuphunzitsa Sitandade 2." Nusaiba anamukumbukira, ngakhale malo amene ankakhala, mzere wachitatu kufupi ndi zenera. Anafunsa ngati ali pasukulu. Mayiyo anayang'ana pansi n'kunena kuti akuthandiza pa saluni ina, malo a sukulu sanapezeke.

Miyezi inapita. Nusaiba anasiya kudzidzimuka denga likayankhula. Ankadziwa mankhwala a mwana aliyense, nambala ya nsapato, tsiku lobwera wogulitsa gasi. Younis anakhoza mayeso a sukulu ya mkaka, akuyankhula ngati mwana wa mu Cairo weniweni. Malak anayamba kuwerenga mabuku a nthano payekha, n'kuyambanso kutseka chitseko cha bafa, kunena kuti wakula, asamba yekha.

Nkhondo itachoka ku Madani anthu anayamba kubwerera. Muawiya anapita n'kutumiza zithunzi: nyumba ilipo, koma yopanda zitseko, mawindo ngakhale mawaya a magetsi. Dirowa la mapepala lija analipeza pabwalo lili gada, lopanda kanthu.

"Bwerera, mlongo wanga," anatero pafoni. "Sukulu akuti atsegula. Aphunzitsi ndi ochepa, mapepala sakufunsa. Tidzakonza chipinda chimodzi, tiyambire pomwepo."

"Ndibwera ikatha Idi."

Idi inatha. Anati adikire Younis azolowere sukulu. Usiku ndi usana ankaganiza za nyumba ija, koma akaiona m'maganizo ankaona bedi la mayi ake pakhonde lopanda munthu, ndipo mtima unkabwerera m'mbuyo. Sittana anabwerera kwawo, n'kumusiyira ketulo ndi bulangete. Pabenchi ya ku kalabu panabwera atsikana atsopano, ang'onoang'ono, amene ankamutcha "anti" ndi kumufunsa mmene angatontholetsere mwana wolira.

M'mawa wina madamu sanapite kuntchito. Anamuitanira pabalaza, n'kumuuza kuti akhale pasofa, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Nkhope yawo inali yotuwa.

"Nusaiba, ndili ndi pakati. Miyezi itatu. Sitinakonzekere, ndipo a Hazem sangabwere kudzakhala." Anamugwira dzanja. "Ndamva kuti anzako akubwerera kwanu. Chonde usatisiye pano. Ndiwe wa m'banja muno, ukudziwa. Ine ndekha sindingathe."

Nusaiba anayang'ana dzanja loyera, lofewa, lili pamwamba pa lake. Anaona kuti mayiyo akuchita mantha enieni, ndipo anamumvera chisoni, chisoni chomwe sanachifune.

"Mulungu akupatseni wamoyo, madamu," anatero. "Ndilipo."

Madzulo ake analembera Muawiya uthenga kuti achedwerapo pang'ono, mwina chaka. Muawiya anauwerenga koma sanayankhe.

Loweruka lotsatira anakwera pampando n'kutsitsa kabedi ka khanda kamene kanali pamwamba pa kabati, katakulungidwa m'mashiti akale. Kanali ndi fumbi lambiri, ndipo mwendo umodzi unali wogwedera. Anakatulutsira kukhonde, anatunga madzi ofunda m'beseni, n'kuyamba kukapukuta mbali imodzi ndi imodzi.